Zilonda za m'matope zobwerabwera pa hatchi ya pa esiteti ina ku Kasungu

Hatchi ya m'lipoti lino ndi yaikazi, ya zaka pafupifupi 11 tikayang'ana mano. Ndi yofiirira, miyendo yakutsogolo yakuda, yakumbuyo yonse iwiri yoyera kuchokera pachiboda kukwera m'mwamba pang'ono. Imakhala pa esiteti ya fodya ndi ng'ombe kumadzulo kwa boma la Kasungu pamodzi ndi mahatchi ena awiri, ndipo ntchito yake ndi kuyendera minda ndi mpanda, makamaka dzinja pamene galimoto ndi njinga yamoto zimatitimira m'tinjira ta m'minda. Mahatchi ndi ochepa kuno. Mlangizi wa ziweto atha kugwira ntchito zaka zambiri osakhudzapo ndi imodzi yomwe, koma zambiri zimene zili pano zimagwiranso ntchito pa abulu okoka ngolo, amene ndi ochuluka kuposa mahatchi.

Vutoli m'mabuku amalitcha mud fever kapena pastern dermatitis. Si matenda amodzi, koma zilonda ndi nkhanambo zotuluka kuseri kwa mwendo, pamwamba penipeni pa chiboda, khungu likakhala lonyowa nthawi yaitali mpaka kufewa ndi kung'ambika. Pamenepo mabakiteriya amalowa, makamaka Dermatophilus congolensis ndi Staphylococcus aureus. Woyambayo timamudziwa bwino: ndi yemwe uja amayambitsa senkobo pa ng'ombe, ndipo anayamba kufotokozedwa pa ng'ombe za ku Congo mu 1915. Mabuku ambiri olembedwa ku Britain amanena za miyezi yozizira chifukwa kumeneko matope amachuluka nthawi yachisanu. Kuno Juni ndi Julayi ndi fumbi lokhalokha. Nyengo yathu ya vutoli ndi Disembala mpaka Malichi, ndipo imabwera ndi kutentha, ntchentche ndi nkhupakupa, zimene mabuku aja sazilabadira kwenikweni.

Mbiri yake

Malinga ndi amanijala, dzinja limeneli linali lachitatu motsatizana. Chaka choyamba nkhanambo zinatuluka pamiyendo yoyera ija, anyamata n'kupakapo oyilo wakuda wotsala mu thalakitala, ndipo mvula italeka zilonda zinauma. Oyilo ndiye anatenga ulemu. Chaka chachiwiri zinabweranso zokulirapo. Kapitawo wa ng'ombe, munthu wodziwa senkobo, anabaya oxytetracycline uja wokhalitsa m'thupi, pakhosi pa hatchi n'kutupa chotupa chimene chinatenga masabata kuti chiphwe. Kenako anaipopera dibi wa ng'ombe. Nditapempha botolo lake, linali la amitraz. Iwo ankakumbukira kuti hatchi inangoti zii, mutu pansi, osadya, osachita ndowe mpaka tsiku lotsatira, koma sanaganizepo kuti n'chifukwa cha dibiyo. Amitraz ndi poizoni kwa hatchi: amaimitsa matumbo, ndowe n'kuumbika m'kati, ndipo hatchi zina zimafa nazo. Iyi inangopulumuka.

Mahatchi atatuwa ankagona m'khola la njerwa lofolera ndi malata, lopanda chotchingira madzi a padenga, moti madzi onse ankathira pakhomo penipeni. Chomwera madzi chinali pomwepo. Theka lina la kholalo, lolekanitsidwa ndi mitengo iwiri yopingasa, munkagona ana a ng'ombe. Masana mahatchi ankadya kudambo.

Zimene ndinapeza

Ndinaitanidwa chakumapeto kwa Januwale, mvumbi utakhalitsa. Hatchi inkatsimphina kwambiri. Mwendo wakumbuyo wakumanzere unali utatupa kuchokera pachiboda mpaka kupitirira mfundo yapakati, wotentha, ndipo ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Thupi linali pa 39.3°C, pomwe hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa 37.5 ndi 38.5. Mtima unkagunda ka 52 pa mphindi, pomwe tikanayembekezera 28 mpaka 44. Nkhama zinali zofiira bwino, maso osachita chikasu, ndipo inkadyabe pang'ono.

Kuti ndione bwino ndinabaya xylazine, mankhwala ogonetsa chiweto, mnyamata wosamalira mahatchi n'kunyamula mwendo wakutsogolo wa mbali yomweyo. Hatchi yogonetsedwa ndi xylazine imaoneka ngati yatheratu, koma imatha kuponya chidyali mwadzidzidzi, choncho mutu wanu usakhale kuseri kwa mwendo.

Kuseri kwa mwendo wotupawo ubweya unali utamatirirana timagulutimagulu. Kagulu kamodzi ukakakoka kankazuka ndi nkhanambo yake, pansi pake pali mafinya obiriwira pang'ono, khungu lofiira lonyowa likutsala. Munali ming'alu iwiri yopingasa pamene khungu limapindika hatchi ikamaponda, ndipo inkatseguka ndi kutsekeka pa phazi lililonse. Mwendo wakumanja unali ndi nkhanambo zomwezo koma osatupa. Chimene chinandiimitsa chinali pamiyendo yakuda yakutsogolo: panalibe zilonda, koma ubweya unali wothothokathothoka, ndipo pakhungu panali mfundumfundu zoyera zouma.

Ndisanafike pa mankhwala ndinayenera kuchotsa kaye matenda ena amene amatupitsa mwendo wa hatchi kuno. Esitetiyi siili kutali kwambiri ndi nkhalango ya Kasungu National Park, komwe kuli akashembe, ndipo matenda a kashembe amatupitsa miyendo ya hatchi. Koma iwo amatupitsa miyendo ingapo ndi kumimba, kutupa kozizira kosapweteka, nkhama n'kuyera, chiweto n'kumaonda. Apa unali mwendo umodzi, wotentha, wopweteka. Ndinatengabe magazi a kukhutu pakagalasi, ndipo simunaoneke kanthu. Ndinapapasanso m'kati mwa ntchafu kufunafuna timabuluzi tondondozana ngati mkanda motsata mitsempha, chizindikiro cha matenda oopsa opatsirana otchedwa epizootic lymphangitis kapena glanders. Tikanapezeka, nkhani ikanasintha: kupatula chiweto, kusiya kukanda zilonda, ndi kudziwitsa ofesi ya zaziweto paboma. Panalibe. Chachitatu chinali dzuwa. Zilonda zokonda khungu loyera lokha nthawi zina zimachokera ku chiwindi chimene chaonongeka ndi zomera monga Lantana camara, ndipo mpanda wa nyumba ya amanijala unali wa chomera chimenechi. Koma kamzere koyera ka pamphuno pa hatchi, kamene dzuwa limakaomba tsiku lonse, kanali bwinobwino. Ndinangowauza kuti asadze mpandawo kumbali imene mahatchi amafikira.

Ndinazula nkhanambo yatsopano yonyowa, n'kudinda kunsi kwake pakagalasi, ina n'kuiphwanyira m'kadontho ka madzi oyera. Itapakidwa utoto wa Giemsa, pa maikulosikopu panaoneka timadontho tondanda m'mizere iwiriiwiri yoyandikana, mizereyo ikuchita nthambi. Ameneyo ndi Dermatophilus. Nkhanambo youma yakale kawirikawiri sionetsa kanthu, ndiye posankha musatenge yosavuta kuzula. Amene alibe maikulosikopu pafupi atha kuika nkhanambo mu envulopu ya pepala, osati m'pulasitiki, n'kutumiza ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Kupeza Dermatophilus kunayankha funso la chimene chili m'chilonda. Sikunayankhe chifukwa chake hatchi iyi, chaka ndi chaka, pomwe anzake awiri akuponda matope omwewo. Khungu loyera ndi losalimba, inde, koma imodzi mwa anzakewo inalinso ndi mwendo woyera.

Yankho loyamba linachokera kwa mnyamata wosamalira mahatchi, munthu wakhama amene ankaoneka kuti akuopa kuti mlandu ugwera iye. "Adokotala, inetu sindiisiya ndi matope. Ndimaitsuka m'mawa, madzulonso ndimaitsuka. Iyiyi ndiye ndimaitsuka kwambiri chifukwa ndi imene imadwala." Anandionetsa zida zake: ndowa, sopo waufa wochapira zovala, ndi burashi yolimba yokwechera pansi. Akatha, hatchi inkalowa m'khola miyendo ili chonyowa, kukaima pa udzu wonyowa mpaka kucha. Aliyense amadziwa mmene manja a munthu amene wachapa tsiku lonse amakhalira, ofewa, otuwa, osachedwa kung'ambika. Khungu la hatchiyi linkakhala chomwecho miyezi inayi pachaka, ndipo burashi inkamalizitsa ntchito. Mbewu za Dermatophilus zimadzuka n'kuyamba kusambira zikanyowa, choncho madzi aja ankazisamutsa kuchoka pa nkhanambo kupita pakhungu labwino.

Lachiwiri linachokera kwa alonda, bambo achikulire amene anangoima chapatali kumvetsera. Ndinawafunsa ngati usiku amamva chilichonse kukhola. "Imeneyo siigona, bwana. Usiku wonse di! di! kumenya pansi. Nthawi zina imadzikhula pa mzati, kapena kudziluma kumapazi." Ndinafunsa ngati zimenezi zimachitika dzinja lokha. "Ayi, ngakhale m'chisanu, tikuotha moto. Mwinanso m'pamene imanyanya." Mu Juni kulibe matope, ndipo Dermatophilus amapweteka koma sayabwa kwenikweni. Chinthu china chinali kuyabwa miyendoyo chaka chonse.

Ndinayala nsalu yakuda pansi pa mwendo wakutsogolo n'kupesa mfundumfundu zija ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Nsaluyo ndinaiika padzuwa kanthawi kuti ifunde. Poyang'ana ndi galasi lokulitsa, tina mwa timfundu toyera tija tinali kuyenda. Alonda anasuzumira n'kugwira pakamwa. Ndinatola tingapo ndi selotepi, ndipo maikulosikopu inatsimikiza kuti ndi Chorioptes bovis, tizilombo ta mphere za kumapazi. Timakhala pamwamba pa khungu, sitiboola, ndipo timakhalanso pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ana a ng'ombe a kuseri kwa mitengo ija anali ndi nkhanambo zouma patsinde pa mchira. Mahatchi awiri aja anali natonso, koma osaonetsa kanthu, monga zimakhalira nthawi zambiri: ziweto zina zimangosunga, china n'kumavutika.

Ndiye ndondomeko yake inali iyi. Mphere zinkayabwa chaka chonse, hatchi n'kumadzikanda mpaka khungu kukhala ndi timabala tosaoneka. Mvula ikabwera, matope a pakhomo ndi ndowa ya mnyamata zinkafewetsa khungulo, mabakiteriya n'kupeza khomo lotsegula kale. Mvula ikatha zilonda zinkauma zokha, aliyense n'kuyamikira mankhwala amene anapaka komaliza.

Chithandizo

Jakisoni ndinabaya chifukwa cha mwendo wotupa ndi kutentha thupi, osati chifukwa cha nkhanambo. Matenda anali atalowa pansi pa khungu. Pakanakhala nkhanambo zokha, monga pamwendo wakumanja, sindikanatsegula botolo. Kulemera ndinayeza ndi tepi ya telala: kuzungulira chifuwa kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kuchulukitsanso ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pathako, zonse m'masentimita, n'kugawa ndi 11,877. Inatuluka pafupifupi makilogalamu 400. Ndinasankha procaine penicillin, 22,000 IU (muyeso wa mphamvu ya mankhwala) pa kilogalamu, mumnofu kawiri patsiku kwa masiku asanu. Pa botolo la 300,000 IU pa mililita, amenewo ndi mamililita pafupifupi 29, ochuluka kuti alowe malo amodzi, ndiye tinkagawa pawiri n'kumasinthasintha khosi ndi matako. Werengani botolo, chifukwa ena ogulitsidwa m'masitolo a zaulimi ndi osiyana mphamvu. Ndipo kokani kaye sirinji musanakankhe: procaine akalowa mumtsempha hatchi imapenga pomwepo. Pa ululu ndi kutupa ndinapereka phenylbutazone, 2.2 mg pa kilogalamu kawiri patsiku, masiku ochepa okha chifukwa amaononga chifu ndi impso. Panalibe amene ankadziwa ngati hatchiyi inalandirapo katemera wa kafumbata, ndipo hatchi ndi chiweto chimene kafumbata amachigwira msanga, choncho inalandira antitoxin, jakisoni woteteza mwamsanga, ndi kuyamba katemera.

Ntchito yeniyeni inali ya manja. Tinameta ubweya wonse kuzungulira zilonda ndi sizasi. Tinanyowetsa nkhanambo ndi madzi ofunda othira chlorhexidine, mankhwala opha tizilombo pakhungu, kudikira mphindi 10, n'kuchotsa zokhazo zimene zinkachoka mosakakamiza. Zokanirira tinazisiyira ulendo wina. Tinatsukuluza, kenako kupukuta mpaka kuuma gwa, mwendo uliwonse ndi chitenje chakechake chochapa ndi kuyanika padzuwa. Pomaliza silver sulfadiazine, kirimu uja amapaka pa zilonda zamoto, mopyapyala. Nkhanambo ndi ubweya wometa tinazitentha, popeza Dermatophilus amakhala wamoyo miyezi yambiri mu nkhanambo youma. Mnyamata ndinamupatsa magolovesi, chifukwa kachilomboka kamatha kugwira ndi munthu yemwe.

Kumuuza kuti asiye kutsuka kunali kovuta kuposa kubaya jakisoni. Kwa iye, kusiya hatchi ndi matope kunali ulesi umene bwana angamuchotsere ntchito. Ndinachita kunena pamaso pa amanijala, kuti onse amve: kusamba kwa mankhwala kamodzi pa masiku atatu basi, ndipo masiku ena matope aziuma okha n'kuwasasa ndi burashi yofewa. Burashi yolimba ija inabwerera kukhitchini.

Za khola tinakambirana nthawi yaitali. Amanijala ankafuna kuitsekera m'khola mpaka Epulo. Ndinakana, chifukwa mwendo wotupa umaphwa ndi kuyenda, ndipo hatchi yongoima imatupa kwambiri. Tinagwirizana kuti aziiyendetsa pamanja kawiri patsiku pamsewu wa pamtunda, ndi kuidyetsa kumtunda m'malo mwa kudambo, mame atauma. Kulowa m'khola dzuwa lisanalowe kunali ndi phindu lina: touluka ting'onoting'ono tofalitsa African horse sickness, matenda akupha mahatchi, timaluma kuyambira madzulo mpaka m'mawa, ndipo nyengo yake ndi yomweyi. Za matope a pakhomo, miyala ya kwale yothirapo amanijala anati njodula. Koma panali balani yakale ya fodya imene inagwa, ndipo zidutswa za njerwa zake zinathiridwa pakhomo, kusinjidwa, n'kukwiriridwa ndi mchenga wa kumtsinje kuti zisacheke. Anakumba ngalande motsata pamene denga limadonthera, chomwera madzi chinasamukira pamalo okwera, ndipo m'khola munathiridwa utuchi wouma. Wina anati tiyalemo mapesi a fodya poti ngambiri. Ayi, hatchi ikawadya ndi poizoni.

Pofika tsiku lachitatu thupi linali litazizira, ndipo sabata itatha mwendo unali utaphwa kwambiri, hatchi ikuponda bwino.

Kubwerera m'mbuyo

Chapakati pa Febuluwale anandiimbiranso. Ataona kuti yachira, amanijala anaibwezera pantchito, ndipo njira ya kumpanda wakumadzulo imadutsa m'dambo. Pofuna kuteteza miyendo, anauza mnyamata kuti azipaka Vaseline wambiri m'mawa uliwonse. Ganizo lake silinali loipa, koma anapaka pamiyendo yachinyezi, pamwamba pa nkhanambo zimene zinali zisanathe. Mafutawo anatsekera chinyezi ndi mabakiteriya m'kati, mchenga n'kumatirira pamwamba. Ming'alu ija inatsegukanso. Mwendo sunatupe ngati poyamba ndipo thupi silinatenthe, choncho sindinabaye kanthu, ngakhale amanijala ankayang'anitsitsa chikwama changa. Tinachotsa mafuta, n'kuyambiranso kunyowetsa, kupukuta ndi kupaka kirimu. Lamulo linali loti dambo iiwale kufikira khungu litatsekeka ndipo ubweya wayamba kumera. Mafuta otchinga, kaya Vaseline kaya zinc oxide, ndi a khungu lochira, loyera, louma, ndipo madzulo azichotsedwa. Kuti khungu litsekeke zinatenga pafupifupi masabata atatu.

Mphere tinayamba kulimbana nazo khungu litatsekeka, chifukwa mankhwala ake sapopera pa bala. Mahatchi onse atatu anametedwa kumapazi n'kupoperedwa fipronil wa 0.25%, miyendo yonse inayi mpaka pamwamba pa mawondo, n'kubwereza patapita masabata awiri kuti tigwire toswa kuchokera m'mazira. Mankhwalawa anapangidwira agalu ndi amphaka, ndipo mwini chiweto ayenera kuuzidwa zimenezo musanayambe. Amanijala anafunsa chifukwa chake sitikungomwetsa ivermectin amene anali naye kale. Ivermectin amachepetsa koma samaliza, poti tizilomboti timadya mfundu za pamwamba, sitiyamwa magazi. Ana a ng'ombe anapoperedwa amitraz yemwe uja, amene kwa iwo ngwabwino, kutali ndi mahatchi, ndi pampu yawoyawo yolembedwa penti, ndipo anawamangira khola lina. Utuchi wakale unatenthedwa, khola n'kutsukidwa ndi kusiyidwa lopanda chiweto kwa kanthawi, chifukwa Chorioptes amatha kukhala masabata angapo kunja kwa chiweto. Mu Juni ndinafunsa alonda aja. Anati usiku kukhola kuli phee.

Kwa anzanga amene mungakumane ndi hatchi kapena bulu wotere, chimene ndingatsindike ndi mafunso. Amene amakuitanani ndi mwini kapena manijala, ndipo iye amadziwa mankhwala amene anagula. Amene amadziwa zimene chiweto chimachita ndi wotsuka ndi wolondera, ndipo pamaso pa bwana salankhula asanafunsidwe. Funsani amatsuka kangati ndiponso ndi chiyani, funsani za usiku, funsani za miyezi imene kulibe mvula. Onani miyendo yonse inayi, osati wodwala wokha, ndi ziweto zogona pafupi. Pemphani kuona botolo lenileni la chilichonse chimene anapaka, kupopera kapena kubaya, chifukwa pa esiteti ya ng'ombe hatchi imalandira mankhwala a ng'ombe. Pa abulu muonjezere kuyang'ana pamene chingwe chomangira kumapazi chimakhula, ndipo mukumbukire kuti bulu sachedwa kubisa ululu.

Dzinja lotsatira

Mu Novembala, mvula isanayambe, mahatchi anametedwanso kumapazi, tinapesanso pansalu yakuda osapeza kanthu, ndipo pakhomo pa khola anaonjezera mchenga. Mnyamata anaphunzira kupapasa kuseri kwa ziboda ndi zala madzulo aliwonse, chifukwa nkhanambo yoyamba imamveka m'manja isanaoneke ndi maso. Disembala ndi Januwale zinadutsa bwino, hatchi ikugwira ntchito yake, kudambo ikudutsa pokhapokha palibe njira ina. Mu Febuluwale mnyamata uja anapeza kankhanambo kamodzi pamwendo wakumanzere uja. Anameta, kunyowetsa ndi chlorhexidine, kupukuta, kupaka kirimu, n'kuipumitsa kudambo, ndipo anandiuza pafoni atayamba kale. Kanapola pasanathe masabata awiri, popanda jakisoni.

Mwendo wakumanzerewo sunabwererenso kukula kwake kwakale. Hatchi ikagona m'khola usiku wonse umadzuka wonenepako kuposa unzake, n'kuphwa ikayenda pang'ono, ndipo pamene panali ming'alu pali zipsera ziwiri zolimba zopanda ubweya. Kutupa kwakukulu kuja kunaononga timitsempha tochotsa madzi m'mwendo, ndipo timeneti sitichira kwathunthu. Ndinawauza amanijala kuti mwendo umenewu udzakhala woyamba kudwala dzinja lililonse, ndipo ukadzatupa n'kutentha asadzadikire kuti kuche kawiri. Esiteti ikuganiza zogula hatchi ina ku Zambia. Tagwirizana kuti ikadzafika idzakhala payokha masabata atatu ndi kupesedwa kumapazi isanalowe m'khola la anzake.